Jakisoni wa wailesi wabaya ndani?

Dzinja likafika, mvula nkutsika m'mapiri a Thyolo kudzaza Mwamphanzi, Nkhate ndi Livunzu, pali nyimbo imodzi yomwe imabuka mu Blantyre ndi mu Lilongwe, m'maminibasi, m'maofesi ngakhale m'malo omwera. Akuti anthu a ku Chigwa cha Shire ndi osamva. Akuti wailesi inalengeza kuti asamukire kumtunda koma iwo khale, kudikira ufa ndi mabulangete aulere. Nyimbo imeneyi ndi yabodza, abale anzanga, ndipo bodza lake limapha anthu.

Woyimba nyimboyi ali ndi chikhulupiriro chomwe mwina sadziwa kuti ali nacho. Iye amayesa wailesi ngati jakisoni wa kuchipatala: muulutsi abaya, mankhwala alowa, womvera achita zomwe wauzidwa. Akapanda kuchita ndiye kuti mutu wake ndi wouma. Maganizowa anakulira ku Ulaya ndi ku America pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, anthu ataona mabodza a Goebbels pa wailesi ya ku Germany. Pa 30 Okutobala 1938, Orson Welles anaulutsa sewero lonena kuti zolengedwa za ku Mars zatera ku New Jersey, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti dziko lonse lathawa ndi mantha. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti omvera seweroli sanali ochuluka chotero, ndipo kuti nyuzipepalazo zinathira mchere wambiri.

Amene anayamba kuthyola jakisoniyu ndi Paul Lazarsfeld ndi anzake. Mu 1940, pa chisankho cha Roosevelt ndi Willkie, iwo anatsata anthu 600 a ku Erie County ku Ohio, nkumawafunsa mwezi ndi mwezi. Anapeza kuti amene anasintha maganizo chifukwa cha wailesi kapena nyuzi anali ochepa zedi. Ambiri ankamvera anzawo a kuntchito, abale awo, ndi anthu ena a m'dera amene ankawakhulupirira. Uthenga umayenda maulendo awiri: uchoka pa wailesi nkufika kwa munthu wodalirika, kenaka iye aupereka kwa anzake atausefa ngati ufa.

Koma ife Amalawi tikafunenji ku Ohio? Kwa zaka pafupifupi 30 dziko lino linali ndi wailesi imodzi yokha, MBC, yopanda mpikisano, kanema kunalibe. Kukacha kutamanda Ngwazi, kukada kutamanda Ngwazi. Jakisoni akanakhala woona, tonsefe tikanafa tili a chipani chimodzi. Nanga chinachitika nchiyani? Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndi ansembe amene anthu ankawadziwa nkhope. Wailesi inaitukwana kalatayo, anthu nkumaikopera mobisa. Pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anavotera nyali nkusiya tambala wakuda. Ndiyetu anthu ankamvera MBC ndi khutu limodzi, linalo lili kwa mnansi.

Mphamvu ya pakamwa imagwiranso ntchito pa zoipa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje nkufalikira maboma oyandikana nawo. Boma linatsutsa, apolisi anatsutsa, mawailesi analengeza usana ndi usiku kuti anamapopa kulibe, koma anthu osalakwa anaphedwa ndithu. Jakisoni uja anali kuti pamenepo?

Tsono tiyeni kwa Makhuwira komweko, m'boma la Chikwawa, kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Derali ndi kamzere ka dziko kopanikizika pakati pa mapiri a Thyolo ndi mtsinje. Mayi wa kumeneko chenjezo amalimva bwino lomwe, ndipo madzi osefukira amawadziwa kuposa muulutsi wa ku Chichiri. Akamva kuti samukani, amakhala pansi nkuwerengera. Madzi omwewo akaphwera amasiya nthaka yachonde, ndipo dimba lake limampatsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pamene mvula ya m'Chigwa ndi yosadalirika. Pafupi pali mpunga wa ku sikimu ya Nkhate ndi nsomba za m'dambo la Elephant Marsh. Kumtunda kuli miyala, ndipo malo ake ali ndi eni. Akathawa usiku, mbuzi asiyira yani? Manda a makolo anyamula? Nyakwawa nayo ikudziwa kuti ikakakhala pa malo a mfumu ina, ufumu wake watha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo asankha pakati pa madzi a masiku angapo ndi njala ya chaka chathunthu, inu nkumati umbuli.

Stuart Hall wa ku Birmingham anafotokoza mu 1973 kuti womvera akhoza kuulandira uthenga monga ulili, akhoza kutengapo zina nkusiya zina, kapena kuukana, malinga ndi moyo umene akukhala. Uthenga woti samukirani kumtunda ndi wodukiza panjira. Kumtunda kwake kuti? Munda ndi wa yani? Mjigo ulipo? Sukulu ya ana? Uthenga wosayankha mafunso amenewa ngakhale muubwereze ka 100 pa tsiku, ndi ng'oma yopanda gule. Tisaiwalenso kuti kuyambira 1968 MBC inkayankhula Chichewa ndi Chingerezi basi, ndipo Chisena, chomwe anthu ambiri a m'Chigwa amayankhula, chinadzamveka pa wailesiyi matipate atabwera. Munthu amene mwakhala mukumulankhula osamufunsa kanthu kwa zaka zonsezo, lero mukudabwa kuti sakudumpha mukaliza wezulo?

Wina anena kuti ndiye kuti wailesi ilibe mphamvu. Ili nayo, ndipo yoopsa. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inatchula maina a anthu oti aphedwe, ngakhale kuti nakonso inadalira chidani chofesedwa kale ndi magulu okonzeka kale ndi zikwanje. Chenjezo la a zanyengo nalo lapulumutsa miyoyo, ndipo lipitirire. Koma mphamvu yaikulu ya zofalitsa nkhani ili pena. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw, atafufuza ku Chapel Hill pa chisankho cha 1968, anaonetsa kuti nkhani zomwe nyuzi zaika patsogolo ndi zomwenso anthu amaziyesa zofunika. Nyuzi imakusankhira choyang'ana. Ndipo mphamvu imeneyi imakula pa zinthu zomwe munthu sanazionepo ndi maso ake.

Apa ndiye pali nkhani, inu owerenga a m'tauni. Dzina la Makhuwira munaliwerenga liti? Mu Januwale 2015, pamene boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Mu Malichi 2019 pa Idai. Mu Januwale 2022 pa Ana. Mu Malichi 2023 pa Freddy. Chithunzi chake chimodzimodzi: mayi ndi mwana kumbuyo, pa msasa, akulandira thumba kwa bwana wovala jekete ya bungwe. Za mlimi wa thonje wolira mtengo, za mlatho woduka pa msewu wochokera pa Thabwa, za mpunga umene mumadya osadziwa kochokera, zii. Mwaona anthuwa akulandira kokhakokha, ndiye mwagamula kuti ntchito yawo ndi kulandira. Wobayidwa jakisoni ndi ndani pamenepa? Wa ku Makhuwira amayesa mawu a wailesi ndi zomwe akuona pakhomo pake. Inu simunapondeko, mwameza osatafuna. Ambiri a inu munakumbuka kuti Chikwawa iliko pamene Ana anagumula damu la Kapichira, mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 nkutayika, mafiriji anu nkuzima.

Freddy anatiphunzitsa kanthu kowawa. Anthu ambirimbiri anakwiririka ndi matope ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, mtunda wochepa kuchokera ku likulu la MBC. Anali ndi mawailesi, mafoni, ena makanema. Kodi nawonso anali osamva? Anakhala pamenepo chifukwa lendi yake ndi imene akanakwanitsa, ndipo ganyu anali pafupi. Masamu awo ndi omwewo a mayi wa kwa Makhuwira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuipa kwa chikhulupiriro cha jakisoni nkwakuti chimamasula akuluakulu pa mlandu. Bwana akalipira uthenga pa wailesi nkutumiza galimoto ya chimkuzamawu, amasamba m'manja kuti ntchito yatha. Anthu akafa, olakwa ndi akufawo. Nkhani yovuta, ya malo, ya madzi akumwa, ya njira yoti wosamukayo azipitabe ku dimba lake, imakhala yosakhudzidwa mpaka dzinja lina.

Choncho a boma ndi a mabungwe, kambiranani ndi mafumu, a mipingo, aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi mu Ogasiti, fumbi lili koboo, osati mu Januwale madzi ali m'khosi. Pitani ndi malo m'manja, uthenga ubwere pambuyo. Inu atolankhani ndi akonzi, tsikani Thabwa nthawi yokolola, mupereke maikolofoni kwa mayi uja afotokoze yekha masamu ake m'chiyankhulo chake. Ndipo inu ogula nyuzi, musananene kuti a ku Chigwa ndi osamva, yambani mwadzifunsa kuti anakuuzani zimenezo ndani, nanga inu munawamvapo liti iwowo akuyankhula.