Tizilombo Toyeretsa Mpweya wa m'Mafakitale

M'mafakitale a utoto ndi osindikiza mabuku mumatuluka nthunzi ya mankhwala monga toluene, imene ipweteka mutu wa anchito ndi kuononga ubongo. Kuitentha kudya mafuta ambiri. Cifukwa cace ku Germany ndi ku Netherlands, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, eni mafakitale apititsa mpweyawo m'nkhokwe zodzala manyowa ndi makungwa acinyezi, m'mene tizilombo tosaoneka ndi maso, monga Pseudomonas putida, tidya nthunziyo nkusiya madzi ndi carbon dioxide.

Njirayi njabwino, koma ifuna diso. Manyowa akauma tizilombo tileka kudya. Ndipo dichloromethane abala asidi woononga tizilomboto. Boma lololeza makinawa liyenera kutuma oyendera kukayesa mpweya wotuluka, pakuti nkhokwe yoleka nchito sidziwika poyang'ana kunja kwace.