Kodi mjigo umamva Chingerezi?

Lero za mayeso ndaziika kaye pambali, ndikufuna tikambirane za makhansala. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuyasamula. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 maso athu tonse adali pa mpando wa pulezidenti, ena pa aphungu, ndipo pepala lachitatu lija ambiri tidangochonga poti adatipatsa. Komatu tsiku limenelo mawodi 509 amafuna anthu, ndipo anthu amenewo ndiwo amakakhala ku khonsolo kuvomereza kayendetsedwe ka ndalama za m'boma mwathu: mjigo ukumbidwe kuti, mlatho uti uyambe, ndalama za ziphaso za kumsika zigwire ntchito yanji. Sukulu za pulayimale, komwe kumachokera ana amene timalandira mu Fomu 1, nazonso zili pansi pa makhonsolo.

Musaiwale kuti dziko lino lidakhalapo zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Tidawasankha mu Novembala 2000, pa chisankho chimene anthu 14 okha mwa 100 aliwonse olembetsa adakaponya voti, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo kudali zii mpaka chisankho chapatatu cha 2014. Mpandowu ndi wanthete. Nchifukwa chake ine ndimati malamulo onena za amene angavote ndi amene angaime tiziwayang'ana ndi maso awiri.

Pa za ovota, malamulo aakulu a dziko lino adatsegula chitseko ndithu. Gawo 77 likuti munthu akhale wa zaka 18, akhale nzika ya Malawi, ndipo ngakhale mlendo amene wakhala m'dziko muno zaka 7 limamulola. Likutinso munthu atha kulembetsa kumene amakhala, kumene adabadwira, kumene amagwira ntchito kapena kumene amachita malonda. Silifunsa za sukulu, silifunsa za msonkho, silifunsa ngati uli ndi munda. Apa ndilibe dandaulo.

Dandaulo lidabwera ndi lamulo la zisankho la 2023, lomwe lidati umboni wolembetsera ndi chiphaso cha unzika chochokera ku NRB basi. Kale agogo akasowa pepala lililonse, nyakwawa imatha kuwaikira umboni kuti awa ndi athu, adabadwira pano. Ndikumvetsa chifukwa chake adasintha: tonse tidamvapo nkhani za ana osakwana zaka olembetsedwa, ndi za anthu a tsidya lina la malire. Koma chiphaso chimapezeka msanga kwa amene ali pafupi ndi ofesi. Wa kumudzi amayenera kulipira kabaza kupita ku boma, nkukauzidwa kuti makina sakugwira, abwerenso sabata yamawa. Mpaka bwalo lalikulu la milandu lidachita kulamula mu Okutobala 2024 kuti a NRB azipezeka pamalo a kalembera kuti athandize opanda ziphaso. Pomaliza olembetsa adakwana 7.2 miliyoni, pamene oyenera kuvota amayembekezeka kupitirira 10 miliyoni. Sindikunena kuti onse otsalawo chidawatsekereza ndi chiphaso, ena ndi ulesi, ena adatopa nazo ndale. Koma inu amene mudagwira ntchito ya kalembera m'masukulu mwathumu mukudziwa nkhope za amene amabwerera osalembetsa. Lamulolo likhale, koma a NRB aziyendera midzi chaka ndi chaka, asamadikire kuti kunja kununkhe chisankho.

Tsono nkhani yanga yeniyeni ndi ya ofuna kuima. Kuti munthu aime pa ukhansala ayenera kukhala wa zaka 21, wolembetsa m'kaundula wa ovota, apeze anthu 10 olembetsa m'wodimo omusainira, alipire ndalama ku MEC, komanso (apa mumve bwino) akhale wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za khonsolo.

Ine ndimadya za Chingerezi. Ndicho chimandilipirira lendi. Ndakhala ndikukuwa nacho m'kalasi mpaka mawu kusasa, ndipo ana anga mukudziwa kuti cholembera changa chofiira sichinkagona. Koma ndikuti lamulo limeneli pa ukhansala lichotsedwe.

Taganizani za wodi ya kumudzi kwenikweni, kumene basi imafika kamodzi patsiku. Ndani kumeneko amene Chingerezi chimatuluka bwinobwino m'kamwa? Ndi ife aphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi, mwina ndi wapolisi wa payuniti. Tonsefe ndife ogwira ntchito m'boma, ndipo lamulo lomwelo likuti wogwira ntchito m'boma sangaime pokhapokha atatula pansi ntchito. Pamenepo ndikugwirizana nalo, chifukwa sindifuna kuona mphunzitsi akugawa zovala za chipani pa asembule, komanso ndife tomwe timayendetsa malo ovotera. Koma onani chimene chachitika: dzanja lamanja lafuna munthu wa Chingerezi, lamanzere lachotsa pafupifupi onse amene ali nacho. Ndipo ndani angasiye ntchito ya penshoni chifukwa cha mpando umene malipiro ake ndi kandalama kongothokoza? Otsala ndi bambo wopuma pantchito amene wabwerera kumudzi atatha zaka 30 ku Blantyre, wamalonda wa pamsika waukulu, ndi mnyamata wa Fomu 4 amene akusowa chochita. Ena mwa iwo ndi anthu abwino zedi. Koma mayi uja amene wayendetsa banki m'khonde zaka 10 osasowa ndi tambala yomwe, amene adatsogolera anthu kuumba njerwa za buloko ya Sitandade 5, amene amadziwa mjigo uliwonse wakufa m'deralo ndi chaka chimene udafera, ameneyo lamulo likuti akhale pansi aziombera m'manja anzake.

Chodabwitsa nchakuti mu khonsolo momwemo mumakhala mafumu akuluakulu. Savota, koma amalankhula, ndipo akalankhula anthu amamvera. Palibe adawafunsapo satifiketi.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, chifukwa m'chipinda cha aphunzitsi tidakanganapo kale. Mukuti mapepala a khonsolo onse ndi a Chingerezi: bajeti, malipoti a olondoloza ndalama, mapangano ndi makontilakita. Khansala wosatha kuwawerenga, akuluakulu a muofesi azingomupusitsa, iye nkumasainira zimene sakuzidziwa. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Koma ndifunseko: mwa ife amene tili ndi madipuloma ndi madigiri, ndi angati angatsegule lipoti la ndalama za khonsolo nkuloza pamene pabedwa? Kuwerenga bajeti ndi luso lapadera, limafuna masamu ndi kuphunzitsidwa, ndipo khansala aliyense, wa Chingerezi kapena ayi, amayenera kuphunzitsidwa akangosankhidwa. Chachiwiri, mapepalawo adalembedwa m'Chingerezi ndi anthu, sadagwe kumwamba. MEC yomwe imatha kutiphunzitsa za chisankho m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Baibulo lonse lathunthu lidamasuliridwa. Bajeti ya khonsolo ndiye yakanika? Ndipo ikamasuliridwa, opindula si khansala yekha. Ndi wa komiti ya sukulu, wa VDC, ndi aliyense amene angafune kudziwa kuti ndalama ya mlatho wa pamtsinje wawo idapita kuti. Mwina nchifukwa chake ena safuna.

Ena mukuti, nanga chilankhulo chake chikhala chiti, poti ku Chitipa kokha zilankhulo nzambirimbiri? Khonsolo iliyonse isankhe yokha. Ku Mangochi adziwa chochita, ku Rumphi adziwa, ku Nsanje adziwa. Kumene kwavuta, womasulira mmodzi sangagwetse bajeti. Kunena zoona, misonkhano ya ADC ndi VDC imayenda kale m'zilankhulo zathu, ndipo chitukuko chimene chimaoneka ndi maso chimayambira kumeneko.

Palinso maganizo amene amabwerabwera, oti khansala azikhala ndi MSCE. Bungwe lounika malamulo lidaperekapo ganizo lotere mu 2017. Ife aphunzitsi ganizoli limatikomera m'khutu, poti likukweza katundu amene timagulitsa. Koma tikudziwa tonse kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sutenga, ngakhale utakhoza masamu ndi zaulimi bwanji. Ndiye kuti ndi mpanda womwewo, angowonjezera minga. Ndiponso zaka zambiri ana oposa 4 mwa 10 aliwonse olemba mayesowa salandira satifiketi, osawerengera khwimbi limene silifika nkomwe ku sekondale chifukwa malo ndi ochepa. Dziko limene lalephera kupatsa ana ake malo m'kalasi lisatembenuke nkuwalanga atakula kuti simudaphunzire.

Za ndalama ndingodutsapo. Mu 2019 bambo woima pa ukhansala amalipira K40,000, mayi K20,000. Mu 2025 zidafika pa K200,000 kwa abambo ndi K100,000 kwa amayi, achinyamata ndi aulumali. Kwacha idagwa, inde, ndipo kuchepetsera amayi ndi achinyamata nkoyamikika. Koma kwa mlimi ndalama imeneyo ndi ya feteleza, ndipo amene amulipirire ndi chipani kapena phungu wa deralo. Khansala wolipiriridwa ndi phungu adzamufunsa bwanji phunguyo za ndalama za chitukuko?

Chimene ine ndingafune nchakuti lamulo lizifunsa kuti woima azitha kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chimene khonsolo yake yasankha, basi. Zotsalazo atisiyire ovota. Ngati tikufuna wa Chingerezi tidzamusankha tokha, pakuti timawadziwa anthuwa kuposa mmene fomu ya MEC ingawadziwire. Ndipo inu ana anga amene mwakwanitsa zaka 21, muli kumudzi ndi MSCE yanu m'chikwama, chisankho china chikubwera mu 2030. Pitani mukakhale nawo pa msonkhano wa VDC wa mwezi uno, mukamve mmene amayi aja amawerengera matumba a simenti.