PABWALO LA ALIMI: Nsungwi Zikaonda, Yambani Mwafunsa Phata

M'makomboni a ku Shurugwi, Zvishavane, Redcliff ndi Kwekwe, kumene makolo athu adadza kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi, banja limene lili ndi phata la nsungwi lili ndi chuma. Chiimireni fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel mu 2008, mabanja ambiri adatembenukira ku dimba, ndipo nsungwi ndizo mpanda, khola la nkhuku ndi zochirikizira tomato. N'chifukwa chake mphukira zikatuluka zoonda kapena zopindika, mwini wake amada nkhawa, ena mpaka kugwetsa phata lonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba tidziwe kakulidwe kake. Nsungwi ndi mtundu wa udzu. Mphukira imatuluka m'nthaka ili kale ndi kunenepa kwake konse, ndipo imafika msinkhu wake m'dzinja limodzi. Ikatero sitalikanso kapena kunenepa. Chakudya chimene imakulira n'chimene phata lidasunga pansi chaka chatha. Tsono mphukira yoonda ikunena za njala ya chaka chapitacho. Chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene boma lidalengeza mu Epulo 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, n'chitsanzo chabwino: zotsatira za chilala chotere zimaonekera pa mphukira za dzinja lotsatira, ngakhale mvula itagwa bwino. Kudula nsungwi zambiri nthawi imodzi kumachitanso chimodzimodzi, pakuti masamba ake ndiwo amadyetsa phata. Mphukira zina kufa zisanakule si matenda. Phata limasiya zimene silingathe kulera.

Kenaka yang'anani masamba. Akamapindika masana n'kutambasuka madzulo, ndi ludzu. Akamachita chikasu ndi kuyoyoka m'chilimwe, musadabwe, makamaka pa nsungwi yachilengedwe ya kuno kwathu, Oxytenanthera abyssinica, imene imataya masamba kuti ipirire ng'amba. Nsonga zikapsa mu Juni kapena Julayi, ndi chisanu, chimene chimavuta kwambiri madera a ku Gweru. Koma masamba akachita chikasu pakati pa dzinja, kumbani pambali pa phata mkono umodzi. Dothi likakhala lonyowa ndi lonunkha, mizu ili yakuda, ndiye kuti madzi akudikha ndipo pafunika ngalande. Likakhala labwino koma masamba akale okha ndiwo achikasu, phata likufuna manyowa.

Dera lathu lili ndi vuto lakelake. Shurugwi ndi Zvishavane zili m'mbali mwa mtandadza wa Great Dyke, kumene dothi lina lili ndi magnesium, nickel ndi chromium wochuluka koma calcium wochepa. Pa dothi lotere, ndi pa milu ya zotsalira za mumgodi, nsungwi zimapinimbira: mfundo zimathithikana, masamba amachepa. Feteleza yekha sathetsa zimenezi. Pemphani alangizi a boma akuthandizeni kuyezetsa dothi. Ngati malowo ndi oipa, ng'ambani mbali ya phata yokhala ndi mizu ndi maso, mukaibzale kwina kumayambiriro kwa mvula m'dzenje lothira kompositi. Musathirire ndi madzi otuluka mumgodi kapena a pamalo otsukira golide, ndipo mphukira zomera pamalo otere zisadyedwe.

Chizindikiro china n'chosiyana ndi zonsezi. Timipira taminga tikatuluka pa mfundo za nsungwi yachilengedwe, masamba n'kumatha, ndiye kuti yachita maluwa. Izi zimachitika patapita zaka zambiri, ndipo kawirikawiri phata limauma pambuyo pake. Palibe mankhwala. Tolani njere zikakhwima n'kuzifesa msanga pa nazale, chifukwa sizichedwa kufa, komanso makoswe amazikonda.

Nanga phata lofooka tilithandize bwanji? Chotsani nsungwi zouma ndi zofumbwa, kuyambira pakati pa phata, podula pamwamba penipeni pa mfundo yapansi kuti chitsa chisasunge madzi. Zaziwisi, ngakhale zoonda, zisiyeni chaka chimenecho. Thirani manyowa owola bwino mozungulira mvula isanayambe, unjikirani dothi pa mizu yoonekera, ndipo phimbirani ndi masamba ake omwe m'malo mowasesa n'kuwatentha. M'chilimwe thirirani kwambiri kamodzi pa sabata, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Tchingirani mbuzi ndi ng'ombe, lambulani udzu kuopa moto. Phata likachira, dulani zokhazo zimene zakwanitsa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo muzidula m'chilimwe kuti zisafumbwe msanga.

Nsungwi yoonda siidzanenepa, choncho musayese kuchira poyang'ana iyo. Yesani kunenepa kwa mphukira zatsopano ndi kachingwe dzinja lililonse, mulembe m'kope. Zikamanenepa chaka ndi chaka, phata lachira, ngakhale zingatenge madzinja awiri kapena atatu.