Kodi Zitsulo Zofinyidwa Pakati pa Dayamondi Zidzalanda Malo a Mkuwa Wathu?

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino Bambo Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika mwezi wa September anthu a ku Kabwata mu mzinda wa Lusaka anali kuona magetsi kwa maola atatu okha pa tsiku. Ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi ogulitsa nyama anapeza mabvuto aakulu, monganso eni zigayo a kumidzi.

M'zaka zomwezi, akatswiri a sayansi ku maiko akutali akhala akufunafuna nthambo imene ingapititse magetsi popanda kutayako ngakhale pang'ono. Nkhaniyi ikhudza Zambia pawiri: pa magetsi, ndiponso pa mkuwa, umene umabweretsa pafupifupi K70 pa K100 iliyonse imene dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja.

Nthambo iliyonse, ngakhale ya mkuwa wabwino, imafunda magetsi akamadutsamo, ndipo kufundako ndiko kutayika kwa mphamvu. Mu 1911 katswiri wa ku Holland, Heike Kamerlingh Onnes, anapeza kuti citsulo ca mekyule cikazizira kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro, magetsi amayendamo popanda cowabweza. Koma kuzizira kotereku kumadya ndalama zambiri. Mu 1968 Neil Ashcroft wa pa yunivesite ya Cornell ku America anati mpweya wa haidrojeni, umene uli wopepuka koposa zinthu zonse, ukafinyidwa mpaka kusanduka citsulo ungacite zomwezo popanda kuuziziritsa kwambiri. Mu 2004 anaonjeza kuti nchitoyo ingacepe ngati haidrojeniyo atamsakaniza ndi zinthu zina.

Alimi amamdziwa kale mpweya umenewu, ngakhale sadziwa dzina lake. Feteleza wa yuriya amacokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa pofinya haidrojeni pamodzi ndi naitrojeni. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue inatsegulidwa mu 1970 kuti igwire nchito yotere. Popanga amoniya, kufinyako kumaposa kulemera kwa mpweya wotizungulira nthawi 200 kapena 300. Akatswiri amene tikukamba pano amafinya kuposa nthawi 1,500,000.

Amatenga miyala iwiri ya dayamondi yosongoka, naika pakati pake kambewu kocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, namanga ndi zomangira mpaka miyalayo, imene kulimba kwake kulibe kofanana nako, nthawi zina imasweka. M'malo opanikizika cotero malamulo ozolowereka a kusakanizana kwa zinthu amasintha. Kambiri tizigawo ta haidrojeni timayenda tiwiritiwiri, koma pamenepo timalekana n'kulukana ngati khola lozungulira kacigawo ka citsulo. Citsulo ca lanthanum, cimene pa masiku onse cimalandira tizigawo titatu ta haidrojeni, cimalandira khumi. Khola lopepukalo limanjenjemera mofulumira, ndipo kunjenjemerako ndiko kumathandiza magetsi kuyenda mosabwezeka.

Mu 2015 gulu la Mikhail Eremets ku Mainz m'dziko la Germany linaonetsa zimenezi ndi haidrojeni wosakanizana ndi salifa, pa madigiri 70 pansi pa ziro. Mu 2019 gulu lomwelo linalengeza kuti ndi lanthanum lafika pa madigiri 23 pansi pa ziro, kuzizira kosasiyana kwambiri ndi kwa firiji ya m'buchara. Kufinya kwake kunali pafupifupi theka la kumene kuli pakati penipeni pa dziko lapansi.

Kumene kuli ulemu ndi ndalama sikusowa wacinyengo. Ranga Dias wa pa yunivesite ya Rochester ku America analengeza mu 2020, ndiponso mu March 2023, kuti wafika pa kutentha kwa m'nyumba wamba. Anzake anayesa kubwereza nchitoyo, osaphula kanthu. Magazini ya Nature inacotsa zolemba zake zonse ziwiri, ndipo ofufuza amene yunivesite yake inaitana anapeza kuti anapeka manambala. Manyuzipepala ambiri anali ataimba kale ng'oma.

Tsono Zambia aope? Pakali pano ayi. Zitsulo zimenezi zimakhalapo pokhapo pamene dayamondi akuzifinya. Akamasula, haidrojeni amathawa ndipo mphamvu yake imatha. Palibe angamange nthambo yocokera ku Kariba kufika ku Cipata ili m'kamwa mwa dayamondi. Komanso nthambo zosataya magetsi zimene zilipo kale, monga za m'makina a MRI ounikira odwala m'zipatala zazikulu, ndi tiulusi ta niobium ndi titanium tokwiriridwa mu mkuwa, cifukwa tiulusito tikafunda mwadzidzidzi mkuwawo ndiwo umanyamula magetsi kuti makina asapse. Mdani weniweni wa mkuwa ndi aluminiyamu, amene analanda kale nthambo zazikulu zoyenda pa nsanja zacitsulo cifukwa ndi wopepuka ndi wochipa. Boma likufuna kuti pofika 2031 migodi izitulutsa matani 3 miliyoni pa caka, kucokera pa matani oposa 800,000 a mu 2024, ndipo amene anaona kugwa kwa mtengo wa mkuwa mu 1975 ali ndi cifukwa comveka coyang'anira nkhani zotere.

Kunena za mdima wa ku Kabwata, nthambo yabwino motani sipanga magetsi. Pa dziko lonse, magetsi otayika panjira ndi pafupifupi magawo 8 pa 100. Mu 2024 Zambia anasowa oposa pamenepo kutalitali, popeza magetsi ake ambiri amadalira madzi a Zambezi ndi Kafue.

Akatswiri tsopano akusakaniza zitsulo ziwiri ndi haidrojeni kuti acepetse kufinya. Mu 2023 a pa yunivesite ya Jilin ku China anaonjeza beryllium ku lanthanum, ndipo kufinya kunatsika ndi theka. Koma kuti magetsi ayendemo bwino, anafunika kubwerera ku madigiri 163 pansi pa ziro.