Galimoto ya Mwana, Rimoti kwa Bambo

M'mipanda ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 mwabuka mchitidwe wachilendo. Kholo limagula kagalimoto ka batire, n'kukhazikamo mwana, kenaka limaima pakhonde ndi rimoti m'manja n'kumakayendetsa. Mwana wagwira chiwongolero, koma bambo akadina batani, galimoto imamvera bambo. Mwanayo akungonyamulidwa ngati thumba la chimanga.

Ku Kawale ndi ku Mchesi, kufupi ndi Old Town, mnyamata amatola mawaya n'kupinda yekha galimoto yake: mateyala a zitini za polishi, malekeni omangira, ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Teyala likaguluka, salirira munthu. Luso limeneli linatchuka mpaka ku America, kumene buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto linasindikizidwa mu 1990. Alendo analemekeza chimene apamwamba a mu mzinda akuchiyesa uve.

Ena adzati tsobola wakale sawawa, dziko lapita patsogolo. Zoonadi, ndipo mlandu suli pa batire kapena pa rimoti. Uli pa kumana mwana mwayi wopanga. Galimoto yokwerayo imapangika pakhomo: mamota awiri a mawaipa ogula kwa amakanika a ku Biwi, batire ya mavoliti 12, mateyala a wilibala, felemu ya kwa owotcherera, ndi swichi yozimitsira pangozi. Teyala lililonse lakumbuyo likhale ndi mota yake. Yakumanzere ikaima, yakumanja n'kumazungulirabe, galimoto imakhotera kumanzere. Mdzukulu amene wagwira sipanala n'kuona zimenezi ndi maso ake sadzaiwala, pakuti m'mera mpoyamba. Rimoti ikhale kwa wamkulu pofuna kupewa ngozi basi, osati kusandutsa mwana katundu.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anayamba kumanga makina amphepo opanga magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakutha ndi zitsulo zotola. Analibe mlonda pageti, ngakhale fizi ya kusekondale.

Nanga kagalimoto kogula kaja? Batire ikafa, palibe m'nyumbamo wodziwa kukatsegula. Kamatayidwa kuseri kwa nyumba ya antchito, mvula n'kumakanyowetsa, kufikira tsiku limene mwana wa mlonda adzazulamo mawaya ndi mateyala n'kukapangira galimoto yake.