Makina Akutali Sangaphunzitse Manja

Ife a ku Naperi tili pafupi ndi Chichiri, kumene kuli sukulu yaukachenjede imene inatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndi dzina lakuti Polytechnic, ndipo kuyambira 2021 itchedwa MUBAS. Kumeneko ana athu aphunzira za magetsi, za misewu ndi za milatho. Tsono pali anthu ena ophunzira amene anena kuti masiku ano nkosafunika kugulira ana otere makina, popeza mwana angathe kuyendetsa makina a kutsidya la nyanja ali khale pa kompyuta. Mawu amenewa ine ndiwakana.

Sindinena kuti chinthucho ndi bodza ayi. Anachiyamba pa sukulu ya MIT ku America m'chaka cha 1998, ndipo pambuyo pake anachitcha iLab. Mu 2005 masukulu a Makerere ku Uganda, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Obafemi Awolowo ku Nigeria analowa nawo. Wophunzira atumiza malamulo pa intaneti, makina enieni agwira ntchito kutaliko, ndipo manambala a zimene ayesazo abwerera kwa iye. Ndi nzeru ndithu, ndipo ithandiza pamene makina ali okwera mtengo kwambiri.

Koma taganizani, abale anga, chimene mwanayo alandira: manambala okha. Waya ukapsa, iye samva fungo. Nati ikakhwefuka, aimanga ndi munthu wina wa kutaliko amene iye sadzamuona. Kodi inu munaphunzira kulemba poyang'ana mphunzitsi? Si paja munagwira pensulo mpaka zala zinawawa?

Kumbukirani Januwale wa 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana anawononga damu la ku Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanayambenso mpaka 2023. Anakonza ndi anthu oima m'matope, odziwa kulemera kwa chitsulo. Ndipo miyezi yonseyo magetsi akazima ku Bangwe kapena ku Ndirande, makina a ku America akanamthandiza bwanji mwana wokhala mumdima? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chifukwa chake aphungu anu akadza kudzachititsa msonkhano, musachite manyazi kuti munadziwa kuwerenga mutakula. Imirirani, muwafunse kuti chaka chino boma laika ndalama zingati zogulira makina oti ana a pa Chichiri aziwagwira ndi manja awo.