Tinkamukhulupirira pa Kanema, Nanga pa Nsanja?

Mu Januwale 2012, Yair Lapid anasiya kuulutsa nkhani pa kanema wa Channel 2 ku Israel n'kulowa ndale. Patangotha chaka, chipani chake cha Yesh Atid chinapeza mipando 19 m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 2022 anakhala nduna yaikulu. Yuriko Koike, bwanamkubwa wa Tokyo kuyambira 2016, nayenso ankawerenga nkhani pa kanema.

Sindikuti analakwa, munthu ali ndi ufulu wosintha ntchito. Nkhawa yanga ili pa ife owonera. Munthu akamaoneka pabalaza pathu madzulo aliwonse, atatchena, mawu ali odekha, timamuzolowera ngati wachibale. Timaiwala kuti tinkamukhulupirira chifukwa sankaonetsa mbali, komanso kumbuyo kwake kunali atolankhani ndi akonzi otsimikizira nkhani iliyonse asanaiwerenge. Akakwera pa nsanja ya chipani, akonzi aja sapita naye.

Ife ophunzira zauphunzitsi timadziwa kuti ana amavomera chilichonse chimene mphunzitsi wanena mosadodoma, ngakhale samu atailakwitsa pa bolodi. Akuluakulufe sitisiyana nawo kwenikweni. Choncho anzanga, wowerenga nkhani wakale akadzabwera kudzapempha voti, tidzamufunse funso lomwe timafunsa ena onse: ndalama zokwaniritsira malonjezowo mudzazitenga kuti?